Ndinalemba pa Reji ya Aroni

Kwa zaka zitatu ndi miyezi ingapo ndinkayankha dzina la munthu wakufa. Ine ndine Lufeyo Chikadza wa ku Mchinji, koma ku Kafue, m'dziko la Zambia, ankandidziwa kuti Aroni Mwale, ndipo buku lokhalo limene muli nkhani yanga limanenanso chomwecho.

Ndinachoka kwathu chaka chimene feteleza anakwera mtengo mpaka bambo anangolima theka la munda. Ndinali nditalemba Sitandade 8 kawiri, kawiri konseko osasankhidwa. Azakhali anga a Nabanda, amene anakwatiwa ku Zambia ine ndisanabadwe, anatumiza kalata kwa bambo kuti anditumize, maganyu alipo. Pasipoti ndinalibe. Ndinadutsa malire panjira ya m'minda, nditakwera pakaliyala ya njinga ya munthu amene sindinamufunse n'komwe dzina, n'kukakwera basi ku Chipata. Ulendo wonse ndinangoti duu, chikwama pamiyendo, kuopa kuti ndikayankhula wina andifunsa kwathu.

Azakhali ankakhala ku Nangongwe, dera lina la tauni ya Kafue, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Amuna awo ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, anachotsedwa pamodzi ndi anzawo ambiri, ndipo posakhalitsa anamwalira. Mwana wawo yekhayo, Aroni, anapita kukawedza pamtsinje wa Kafue bwato n'kugubuduzika. Thupi lake silinapezeke. Popeza panalibe maliro, panalibenso pepala lililonse lonena kuti munthuyo anafa.

Tsiku lachiwiri azakhali anatsegula Baibulo lawo n'kutulutsamo chitupa chobiriwira chimene kumeneko amati reji. Chithunzi chake chinali chofufuma, mnyamata wowonda wa makutu akuluakulu ngati angawa.

"Popanda ichi sakulemba ntchito," anatero. "Ukatuluka pakhomo apa ndiwe Aroni, ndipo ine ndine amayi ako. Ukalowa m'nyumba muno ndiwe Lufeyo, ine azakhali ako. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Usachipinde. Ndakubwereka chabe."

Akuluakulu ena a kumpingo wathu, amene makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ankadziwa zonse, koma palibe anatsegula pakamwa.

Ntchito inali yonyamula matumba. Kontilakita wina ankalemba anthu okweza feteleza m'malole pafupi ndi fakitale yaikulu yopanga fetelezayo, ndipo m'mawa uliwonse tinkaima pageti kudikira kuti kapitawo awerenge mayina. Tsiku loyamba anaitana Aroni Mwale katatu ine ndikungoyang'ana machumuni.

"Iwe Mwale, makutu unasiya ku nyumba?" anakuwa kapitawo, anthu onse n'kuseka.

Kuchokera tsiku limenelo ndinkadzikumbutsa dzinalo panjira, phazi lililonse, monga mmene tinkalowezera mataimusi kusukulu.

Feteleza amadya khungu. Akasakanikirana ndi thukuta amaluma ngati tsabola, ndipo sabata yoyamba mapewa anga anasupuka. Anzanga anandiphunzitsa kuika katoni pansi pa malaya. Anali anthu abwino, ankagawana nane chinangwa chootcha ndi madzi, koma sindinkacheza nawo kwambiri chifukwa pakamwa panga pankandiulula. Iwo ankati "nifuna", ine "ndikufuna". Tsiku lina a imigireshoni anabwera pageti n'kutenga anthu awiri, mmodzi wa ku Dedza amene ankanyamula nane mulu umodzi. Anamukweza m'galimoto katoni yake ikadali paphewa. Sanandiyang'ane, ndipo ndinamuthokoza mumtima chifukwa chosandiyang'anako. Kuyambira pamenepo dziko langa linali nyumba, geti ndi tchalitchi basi. Mtsinje ndinkauonera patali. Kumudzi ndinkatumiza zimene ndapeza kudzera kwa dalaivala wa lole, nthawi zina bulangete, nthawi zina shuga ndi sopo, koma kalata ndinkalemba zazifupi, chifukwa pa envulopu ndinkayenera kulemba dzina la Aroni.

Panjira yobwerera kunyumba panali kabenchi ka ba Mulenga. Anali Mbemba wamtali, wa zala zazitali, amene kale ankakonza magetsi kufakitale ya nsalu ija. Tsopano ankagulitsa salaula, zimene kwathu timati kaunjika.

"Fakitale inafa chifukwa cha malaya aya," ankatero akukupiza jekete, "manje ine nigulitsa vamene vinanichotsa nchito. Mulungu aseka maningi."

Pansi pa mabelo ena pankapezeka mabuku achingerezi, ena opanda zikuto. Palibe ankawagula. Tsiku lina anandipeza ndikuyang'anitsitsa chithunzi cha chombo chachitsulo chikuuluka pakati pa nyenyezi.

"Shani ba Aroni, mufuna kuyenda ku mwezi? Tengani, mukabweze. Koma osaikapo feteleza, ingamele."

Ndinkawerenga pa nthawi yopuma masana, pamthunzi wa lole, chala chikutsata mzere. Theka la mawu sindinkalimva. Koma zimene ndinkamvazo zinkandigwira mtima: anthu ali kutali ndi kwawo, otsekeredwa m'chitsulo, moyo wawo uli m'manja mwa makina. Nditamaliza mabuku asanu ndinauza ba Mulenga chinthu chimene chinkandivuta. Zombo zonsezo zinkanyamuka zitadzaza katundu, koma palibe buku linanena amene anakweza katunduyo.

Anaseka mpaka anakhala pansi pabelo.

"Azungu salemba va onyamula, mwana. Lemba iwe."

Ndinagula kope la ana asukulu. Ndinkalemba Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi, m'Chichewa chathu, chifukwa Chingerezi changa sichikanakwanitsa. Nkhaniyo inali ya anthu amene anatengedwa kukagwira ntchito kumwezi, kumene kampani ina inkatsegula minda pansi pa madenga agalasi. Dothi linkachokera kudziko kuno m'matumba, ndipo ntchito yawo inali kutsitsa matumbawo. Kumwezi kulibe mpweya, choncho m'mawa uliwonse munthu ankalowetsa khadi lake m'makina, makinawo n'kumudzazira botolo la mpweya wa tsiku limenelo. Wopanda khadi sankapuma. Munthu wanga anafika mozemba, m'kati mwa matumba, ndipo ankapuma pa khadi la munthu amene anatayika kunja m'fumbi, osapezekanso. Mumpendero wa malaya ake anabisamo nsawawa imodzi yochokera m'munda wa amayi ake, koma ankaopa kuidzala, poti ikamera anthu adzafunsa kuti yachokera kuti. Sindinaganize kwambiri za dzina lake. Ndinangoona dzanja langa lalemba kuti Lufeyo.

Ba Mulenga anaiwerenga pabenchi pomwepo, makasitomala akudikira. Atamaliza anatseka kope n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu Lufeyo wako, apuma pa kadi ya muntu wakufa," anatero motsitsa mawu. "Ba Aroni, ine sinifunsa vambili. Ku magetsi tinali kukamba kuti waya wamene suziba, osaugwila. Koma nkhani ili bwino. Ili bwino maningi."

Ndi iwo amene anandisungira kachidutswa ka nyuzipepala patapita miyezi. Kagulu ka olemba ku Lusaka kankasonkhanitsa nkhani zazifupi zonena za m'tsogolo, za makina ndi maiko ena, m'zilankhulo za m'dzikomo, kuti zituluke m'buku limodzi. Masiku amenewo timagulu totere tinali titayamba kuphuka, chifukwa boma linali litasiya kugwira lokha ntchito yosindikiza mabuku. Pansi pa chilengezocho panali mzere umodzi: mwayiwu ndi wa nzika zokha, lembani dzina ndi nambala ya reji.

Mlembi wa kumpingo anandilembera nkhaniyo pataipi. Tsamba loyamba linakhala sabata yathunthu lopanda dzina. Kenako ndinalemba Aroni Mwale ndi nambala yake, n'kudziuza kuti sangaisankhe, ndipo akaisankha ndidzawapempha asindikize dzina lina. Ndinali nditamva kuti olemba ena amatero.

Yankho linabwera kudzera kubokosi la mpingo. Anaisankha. Ankafuna kuti ndipite ku Lusaka kukaonana ndi mkonzi, ndipo nditenge mizere ingapo yofotokoza za moyo wanga, yoti ikhale kumapeto kwa buku.

Ndinakonza mawu anga masiku awiri. Ndinkafuna kuuza azakhali kuti nkhaniyo ndi yanga ndipo ndikufuna ikhale ndi dzina limene bambo anandipatsa. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde lakuseri, n'kuwawerengera kalatayo. Nditafika pa mizere ya za moyo wa wolemba, anasiya lichero.

"Ulembe kuti anabadwira kuchipatala cha kuno, nthawi yamvula," anatero. "Ulembe kuti ali mwana ankamasula wailesi ya bambo ake kufuna kuona anthu oyankhulamo. Anakwapulidwa kawiri koma sanasiye. Zamakinazi ankazikonda, mwana ameneyo. Ukanamuona."

Anayankhula mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Chifikireni ndinali ndisanawamvepo akunena za Aroni motalika chotero, ndiponso ndinali ndisanawaonepo akuseka chonchija. Ine ndinangotenga pensulo n'kumalemba. Mawu amene ndinakonza aja sindinawatulutse.

Ulendo wa ku Lusaka unali woyamba kutuluka m'Kafue chifikireni. Titangodutsa minda ya ku Shimabala apolisi anaimitsa minibasi. Wapolisi anatenga reji, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine.

"Munayonda, ba Mwale."

"Ni nchito, bwana," ndinatero.

Anandibwezera. Minibasi inanyamuka.

Mkonziyo anali mayi wa magalasi, a Tembo, m'kachipinda kodzaza mapepala pamwamba pa sitolo ya nsapato. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, ndipo anati mwa nkhani zonse za Chinyanja zimene analandira, yanga yokha ndi imene inawanunkhira thukuta la munthu. Kenako anaseka.

"Koma Chinyanja chanu n'chozama, a Mwale. Ngati cha ku Malawi."

"Amayi ndi a kumeneko," ndinayankha.

"Chabwino. Ndafunsa dala. Pali wina anatitumizira nkhani yabwino kwambiri, koma tinapeza kuti si nzika. Amene akutithandiza kusindikiza sakanalola, ndiye tinaichotsa. Zinandiwawa."

Pempho langa la dzina lina linathera pomwepo. Ndikanati ndikufuna dzina la Lufeyo Chikadza pamwamba pa nkhani ya Lufeyo wopuma pa khadi la wakufa, mayi wanzeru ngati uja akanamva zonse nthawi yomweyo. Ndinaganiza za nkhani yanga ikuchotsedwa, za geti, za azakhali akufunsidwa ndi apolisi chifukwa chimene sananenere kuti mwana wawo anamira. Ndinapereka mizere ya wailesi ija. Anaiwerenga n'kunena kuti ndi yokoma.

Kenako anatenga cholembera chofiira. Anati mutu ndi wautali, ndinati chabwino. Anati tsamba lofotokoza mmene amasanjira matumba lichoke, ndinati chabwino, ngakhale linali tsamba limene ndinkalidziwa bwino kuposa onse. Anati pamapeto nsawawa ija idzalidwe, chifukwa owerenga amafuna chiyembekezo. Ine ndinali nditaisiya mumpendero. Ndinati chabwino, amayi.

"Chomaliza," anatero. "Dzina ili la Lufeyo ndi lachikale, la agogo akumudzi. Munthu wa kumwezi zaka mazana zikubwerazo angakhale Lufeyo? Timupatse lina."

Cholembera chinali chitatsika kale papepala.

"Ayi," ndinatero.

Anakweza maso. Inenso ndinadabwa, chifukwa sindikumbuka kuti ndinali nditanenapo mawu amenewo kwa munthu wamkulu.

"Pepani amayi. Zina zonse sinthani. Dzinalo likhale."

"Ndi la m'bale wanu?"

"Ndi la munthu amene ndimamudziwa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenako anachotsa cholemberacho.

"Likhale," anatero.

Buku linatuluka patapita chaka. Wolemba aliyense anapatsidwa limodzi. Linali lopyapyala, la pepala lotuwa, pachikuto pali mwezi ndi khasu. Ba Mulenga analinyamula m'mwamba pabenchi pawo n'kumakuwira odutsa kuti, "Onani, wonyamula masaka wafika ku mwezi, imwe mukali kuyembekeza minibasi!" Kapitawo anayamba kunditcha ba Polofesa. Ine ndinatsegula tsamba la mayina n'kuona Aroni Mwale. Ndinatembenuza masamba mpaka pamene panali Lufeyo, n'kuwerenga dzinalo paliponse pamene linali, chala chili pamenepo.

Azakhali sankatha kuwerenga zilembo zing'onozing'ono, koma dzina la mwana wawo analizindikira. Analitenga bukulo, analikulunga m'kansalu, ndipo Lachinayi anapita nalo ku Chigwirizano cha amayi. Ndinamva kuti anaimirira n'kunena kuti Aroni wawo walemba buku. Amayi amene ankadziwa zoona anaombera m'manja limodzi ndi amene sankadziwa.

Kuyambira sabata imeneyo lamulo la pakhomo lija linatha. "Aroni, madzi osamba ndaika." "Aroni, wabwera?" M'nyumba momwemo, chitseko chili chotseka. Poyamba ndinkayesa kuti akulakwitsa, ndipo ndinkadikira kuti adzikonze. Sanadzikonze. Ndikati azakhali ankakhala ngati sanamve, ndikati amayi ankayankha. Ananditulutsira malaya a Aroni m'sutukesi. Ndinavala, chifukwa sindikanatha kukana akundiyang'ana chomwecho. Panalibenso malo m'dziko lonselo amene munthu ankanditchula dzina langa.

Kenako a Tembo analemba kalata ina. Ankakonza buku lachiwiri, ankafuna nkhani ina ya Aroni Mwale, ndiponso ankafuna kuti ndikayankhule pawailesi za ubwana wanga ku Kafue. Nkhani ina ndinali nayo kale m'kope, ya mudzi umene unagula mvula ya m'makina. Ndinapita nayo kalatayo kwa ba Mulenga.

"Ni mwayi uyu," anatero. Kenako anaona nkhope yanga. "Koma ukalemba ina, uyu wamene ali mu manzi ndiye akula. Iwe uchepa."

Apa ndinazindikira kuti za kumira kwa Aroni ankazidziwa kale, poti ankagwira ntchito fakitale imodzi ndi bambo ake. Sindinayankhe kalatayo. Ntchito nayonso inali itayamba kuchepa, masiku ena geti silinkatsegulidwa n'komwe. Ndinauza azakhali kuti ndikupita kwathu. Iwo anangopitiriza kusita zovala.

Lamulungu lomaliza, titaweruka, ndinawapempha kuti ndiwawerengere nkhaniyo. Anali asanaimvepo, ankangolisunga bukulo. Tinakhala pakhonde lakuseri lija. Ndinawerenga za matumba a dothi, za makina a mpweya, za munthu wotayika m'fumbi amene khadi lake linkapumitsa wina. Ndinawerenga pang'onopang'ono, osakweza maso. Dzina la Lufeyo linatuluka pakamwa panga kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ndinkamva ngati ndaponya mwala padenga la malata.

Nditamaliza ndinatseka bukulo. Nkhuku ya aneba inadutsa pakati pathu.

"Wotayikayo," anafunsa azakhali, "anamupeza?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Lufeyo," anatero. "Mwana wa achimwene."

Ndinatulutsa reji m'thumba n'kuipereka ndi manja awiri. Sinali yopindika. Anaibwezera m'Baibulo. Kenako ndinayang'ana buku limene linali pamiyendo panga, iwonso analiyang'ana.

"Chitupa ndinakubwereka, wabweza," anatero. "Ili undisiyire. Kulibe manda oti ndizikasesa."

Ndinawapatsa.

Kwathu ndinapeza bambo atayamba kuyenda ndi ndodo, amayi akumva movutikira, ndipo mlongo wanga anali atakwatiwa ndi munthu wogula fodya amene ankayankhula m'malo mwa aliyense. Mlamu wangayo atandifunsa zimene ndinkachita ku Zambia ndinati ndinkanyamula matumba, ndiponso ndinalemba nkhani imene inatuluka m'buku.

"Lili kuti bukulo, alamu?"

"Ndinalisiya."

"Ndiye tikafunse kusitolo dzina lanu?"

"Lili m'dzina la munthu wina."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kwa zaka zambiri pamaliro ndi paukwati ankandilonjera kuti alembi a buku losaoneka. Sindinkakwiya. Ndikanakhala iwo nanenso sindikanakhulupirira. Ndinalima, ndinakwatira, ndinapitiriza kulemba m'makope. Nkhani ziwiri ndinatumiza ku Blantyre m'dzina langa lenileni. Imodzi inabwerera ndi kakalata konena kuti za kumwezi si za kuno, inayo sindinamve chilichonse.

Azakhali anamwalira ana anga awiri atabadwa kale. Sindinathe kupita kumaliro. Patapita miyezi, mkulu wina wa mpingo wa ku Kafue amene ankapita kwawo ku Dowa anatsika basi pasiteji yathu n'kufunsa nyumba ya Lufeyo Chikadza. Anandipatsa kaphukusi ka nsalu. Anati mayiyo anamulamula asanamwalire kuti akapereke m'manja mwanga.

Bukulo linali litada m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinatsegula tsamba la mayina. Pansi pa Aroni Mwale panali zilembo zapensulo, zazikulu, zokhotakhota, za munthu amene anasiyira sukulu Sitandade 2. Zinatenga mizere iwiri n'kulowerera m'dzina la wolemba wotsatira: "Analemba ndi Lufeyo mwana wa achimwene anga."

Dzina la Aroni sanalifufute. Inenso sindinalifufute.